Wogogoda Lachitatu

4 Malichi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga Amayi, miyendo ija ikuwalola kufika pakhonde? Ine kuno Ambuye akundisunga. Ntchito ndi yomwe ija, kuchapa ndi kusita nsalu za kuchipatala kuyambira m'mawa mpaka msana kuuma gwa. Makina ositira anawonongeka mwezi watha, ndiye tikusita pamanja, anthu anayi okha. Ndikaweruka zala zimakana ngakhale cholembera, n'chifukwa chake makalata anga amabwera mwa apo ndi apo.

Chondilembetsa ndi ichi. Mpingo wathu wakonza sabata ya chitsitsimutso mu Juni. Tidzakhoma tenti pabwalo la kuseri kwa depoti ya mabasi. Dera lathu lino mowa unamanga nthenje, achimwene. Ndikamapita kuntchito ndimachita kulumpha anthu amene agona m'ngalande. Abusa atafunsa pa kalasi yathu ya Baibulo kuti tiitane ndani, ine dzanja linakwera lokha. Ndinati ndili ndi achimwene anga, kalipentala komanso mlaliki, amene akayamba kufotokoza za Mzime wathu, mwana wotsiriza wa Amayi, ngakhale zidakwa zouma mtima zimapukuta m'maso. Ndinawafotokozera monga mumanenera inu: kuti munamudandaulira kwa zaka, iye nakana Mawu nasankha botolo, mpaka Lachitatu lija lole inamugunda pamlatho ali chiledzerere, inu muli m'nyumba kuphunzitsa Baibulo.

Abusa anangoti, "Munthu ameneyo tikumufuna kuno."

Zaka zisanu ndi ziwiri zatha chimwalirire mwana uja, koma imfa yake ikukololabe. Zimenezi zimanditonthoza. Za ulendo musade nkhawa, mpingo ukonza. Mudzafikira kwanga, kachipinda n'kochepa, koma tikasuntha tebulo matiresi akwana.

Ndiyankheni msanga, akufuna kulemba dzina lanu pa nsalu yolengezera. Mundiuzenso za kalasi yanu ya Lachitatu, ndinamva kuti anthu sakukwananso m'chipinda chochezera.

Ndine mlongo wanu.

10 Epulo

Achimwene,

Moni nonse. Kodi kuli matenda? Ngati kulibe, ndiye ndalakwanji?

Masabata asanu ndikupita ku positi ngati munthu wolembedwa ntchito kumeneko. Mkulu wa pakauntala akangondiona amayamba kupukusa mutu ndisanatsegule pakamwa. Kutchalitchi nako ndikulowera chitseko cha kumbali, kuthawa maso a abusa.

Ndikudziwa kuti mumaitanidwa ndi mipingo ikuluikulu ya magalasi ndi zokuzira mawu. Wathu ndi wa malata, mabenchi ake ena ndi matabwa osanjika pa njerwa. Ngati ndi chimenecho, nenani, ndimva. Koma mzimu wa munthu wa kuseri kwa depoti sulemera mosiyana ndi wa munthu wa kolala. Munandiphunzitsa ndinu zimenezi ndili kamtsikana.

Kapena mudakakwiyabe kuti sindinabwere pa ukwati wa mwana wanu? Ndinafotokoza kuti anandikaniza tchuthi. Chibale ndi fupa, achimwene, sichiola chifukwa cha ukwati umodzi.

Lembani ngakhale mizere iwiri. Amayi muwapatse moni.

Mlongo wanu.

22 Epulo

Alamu anga okondedwa,

Moni wochokera kwa ine ndi ana. Amayi ali bwino, kungoti miyendo. Ndikulemba mobisa, achimwene anu asadziwe. Makalata anu onse awiri anafika, ndawaona ndi maso angawa ali m'bokosi la misomali, otsegulidwa. Si mwano umene wawatseka pakamwa. Kuno zinthu sizili bwino, ndipo ine mutu waima.

Ndiyambire poyambira. Mu Januwale tinkayenda khomo ndi khomo kulalikira, ndipo mayi uja wogulitsa mowa kuseri kwa msika analapa. Mukumukumbuka, wamfupi wa mawu ngati mwamuna. Anataya mowa wake tikuona, nayamba kubwera Lachitatu lililonse, Baibulo latsopano ali nalo kukhwapa. Tonse tinalemekeza Mulungu. Sabata yachiwiri ya Malichi kunabwera alendo ambiri, ndiye achimwene anu anapereka umboni uja wa Mzime. Anthu analira monga mwa masiku onse. Koma mayiyo ayi. Anangokhala nkhope ili thinu, akuyang'ana pansi. Titabalalika anawatsatira ku shedi yawo ya matabwa, ndipo anakhalako nthawi yoti munthu n'kuphika, kudya, n'kutsuka mbale.

Atabwerako, achimwene anu sanadye. Anangokhala akuyang'ana chitseko.

Lachitatu lotsatira, ali m'kati mowerenga, anaima pakati pa vesi. "Wina akugogoda," anatero. Ife tonse makutu tcheru, zii. Anapita kukatsegula, panja nkhuku zokha. Anabwerera, anawerenga mizere iwiri, anaimanso. Katatu konse, alamu! Anthu anayamba kutsinana.

Lachitatu la sabata inayo ndinadzuka n'kupeza akuzula chitseko cha kumaso. Ndinati, "Bambo, chafumbwa?" Iwo, "Ayi." Anachinyamula n'kukachitsamiritsa kuseri kwa shedi, dzuwa litapendeka n'kudzachibwezera. Tangoganizani, kalipentala wathunthu, alendo akulowa m'nyumba yake ngati m'khola la mbuzi! Koma sizinathandize. Akuti chikugogodedwa komweko kumene achitsamiritsa. Tsopano kalasi aisiyira aphunzitsi a pasukulu aja. Iwo Lachitatu likafika amadzitsekera m'shedi n'kumapala thabwa limodzimodzi mpaka latsala ngati pepala.

Ine sindine mwana, alamu. Pali utsi pali moto. Mwamuna sasiya kudya chifukwa cha kukambirana mavesi. Kaya mayi ameneyu ali ndi mbiri yakale ndi achimwene anu, kaya wabwera ndi zina m'chikwama, sindikudziwa. Ndinakadandaula kwa Amayi pampando wawo uja wa pazenera, umene amakhalapo Lachitatu lililonse. Mukudziwa anandiyankha chiyani? "Musiyeni mwanangu, chithupsa chikupsa." Basi. Ine ndikulira za banja, iwo akunena za chithupsa.

Alembereni mwamphamvu, inu amakumverani. Koma musanditchule.

Ndine mlamu wanu.

3 Meyi

Achimwene,

Moni. Ndamva zonse, ndipo musafunse kuti ndamva kwa ndani, mphepo ilibe dzina.

Munthu wa msinkhu wanu, imvi zili mbuu, mlaliki wodziwika, mukufuna kugwera m'mbuna imene mwakhala mukuchenjeza nayo anzanu? Nkhosa ikabwera m'khola kuchokera kutchire mbusa amaidyetsa, saitengera kuseri kwa shedi. Ngati pali chimene munachita ndi mayi ameneyo, kale kapena tsopano, lapani, muwauze alamu, mukawauzenso abusa anu. Kugogoda mukumvako ndi chikumbumtima, si china.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndalemba ndi misozi, osati ndi chipongwe.

Mlongo wanu.

1 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Tonse tili moyo. Ndayamba kalata iyi kasanu, kasanu konse yathera pamoto wosungunulira guluu. Lero ndaikira hamala pamwamba pa pepala kuti ndisalikwinye. Uwerenge utakhala pansi.

Sindingabwere kudzanena za Mzime, chifukwa zimene ndakhala ndikunena ndi bodza.

Kuno kuli mayi amene ankagulitsa mowa, analapa chaka chino. Atamva umboni wanga anandipeza ku shedi. Anaima pakhomo akupotokola nsalu yake, n'kuti, "Alaliki, ine ndine khanda m'chikhulupiriro, mundikhululukire ngati ndikufunsa zopusa. Kodi pochitira umboni zimaloledwa kuthirako kamchere kuti nkhani ikome?"

Ndinati, "Mukutanthauza chiyani, mayi?"

Anati, "Mng'ono wanu tsiku limene lija sanamwe. Anali atatha masiku asanu ndi anayi osalawa. Ndikudziwa chifukwa womugulitsa ndinali ine, ndipo ndinkadandaula kuti kasitomala wanga wandithawa. Anabwera masana kudzabwereka simbi. Anasitira malaya oyera patebulo lomwelo ankamwerapo, anzake akumuseka kuti kodi wapeza mkazi. Iye anati, 'Ndikupita kwa achimwene, lero kuli kalasi.' Potuluka anatembenuka n'kundifunsa, 'Mayi, kodi amalola munthu kulowa alibe Baibulo?' Ine ndinamuseka, ndinati ukafunse komweko."

Mayiyo akuganiza kuti lole inamupeza asanafike. Anabwera kudzanditonthoza, kuti ndidziwe kuti mng'ono wanga anafa akubwera kwa Mulungu. Chimene sakudziwa ndi ichi, mlongo wanga: Mzime anafika.

Tsiku limenelo kunabwera abusa aakulu kudzaona ngati ndikuyenera kupatsidwa ulaliki. Ndinali nditadikira tsiku limenelo zaka zinayi. Masabata awiri m'mbuyo mwake Mzime anali atabwera pa kalasi ataledzera, kuimba zolaula, kusanza pakhonde. Ndiye nditasuzumira pa katani n'kumuona akulowa pabwalo, mtima unangoti phwii. Mvula inali itayamba kuwaza. Ndinanyamuka ngati ndikutsekera mvulayo, ndinakankha chitseko, n'kukoka loko.

Anagogoda. Anati, "Achimwene, ndine. Ndabwera."

Ine ndinayambitsa nyimbo. Anagogodanso, ndinakweza mawu, anthu nawo anakweza. Kachitatu anagogoda pang'onopang'ono, ngati munthu wopepesa. Tinaimba ndime zonse mpaka kumapeto. Abusa aakulu anayamikira kuti kalasi yanga imaimba ndi moto. Lisanathe ola kunabwera munthu akuthamanga kuchokera kumlatho.

Ndakhala ndikudziuza kuti ndinkayesa waledzera. Koma ndinawaona malaya aja, mizere ya simbi ili chilili. Ndinaona kuti sakudzandira. Ndinafuna kuti akhale woledzera, chifukwa woledzera ndiye ndikanatha kumutsekera kunja ndi mtima woyera.

Pamaliro anandipempha kuti ndiyankhule. Pakamwa panatuluka nkhani ya botolo, anthu analira, anayi analapa pomwepo. Ndinati, taonani, Mulungu wavomereza. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikuipala nkhaniyo, kuisalaza, kuipaka vanishi, mpaka ine ndemwe ndinayamba kuikhulupirira. Ndinamutsekera kunja ali moyo, atafa n'kumusandutsa makwerero anga.

Tsopano ndikumumva. Sindikunena za mizukwa, ukudziwa kuti sindikhulupirira zimenezo. Koma Lachitatu likafika, dzuwa likangopendeka, ndimamva katatu, kachitatuko pang'onopang'ono. Ndapemphera, ndasala kudya, ndazula chitseko. Baibulo ndikalitsegula, tsamba lililonse muli munthu waima pakhomo.

Ndipo chikundidya kwambiri ndi ichi: anthu onse amene analapa chifukwa cha bodza langa, ndinawakhomera denga pa mitengo yofumbwa kodi? Ndikaulula, siliwagwera?

Alamu ako sakudziwa. Amayi sakudziwa. Ukafuna kunditaya, unditaye, ndiyenera.

Mchimwene wako.

16 Meyi

Achimwene,

Moni. Makalata athu anaphonyana panjira. Yanga ya pa 3 Meyi muing'ambe, ndipo mayi uja ndamulakwira, Mulungu andikhululukire.

Yanu ndinaiwerengera kuntchito pa nthawi yopuma. Sindibisa, ndinakudani. Ndinabwerera patebulo, anandipatsa mulu wa majasi oyera a madokotala. Ndinayala limodzi, ndinaika simbi, basi ndinaona Mzime ataweramira patebulo la mowa akuwongola kolala, lilime ali nalo pakona pa mlomo monga ankachitira akamalemba ali mwana. Anandidzidzimutsa ndi mnzanga akukuwa kuti jasi likupsa. Masiku anayi ndinkati ndikafuna kupemphera, dzina lanu ndinkalidumpha.

Tsiku lachisanu ndinatsegula sutikesi yanga, chifukwa nanenso ndili ndi changa.

Amene anamutuma Mzime kwa inu ndine. Ndinamulembera kuti, "Siya mowa, upite Lachitatu kwa achimwene. Sangakubweze. Nyumba imene mukuwerengedwa Mawu sikana munthu." Nditabwerako kumaliro ndinapeza yankho lake likundidikira pansi pa chitseko. Ndikukopererani monga analembera:

"Achemwali, lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Manja akunjenjemera koma ndilipo. Usiku sindigona, ndimangowerenga malata. Lachitatu ndipita. Ndikuopa kuti anthu andiseka koma mwati achimwene sangandibweze. Mundipempherere ndisakhote panjira."

Ndinaiwerenga ndili chiimire, chikwama chili paphewa. Ndinali nditangomva inu pamaliro mukunena kuti anafa ataledzera. Ndinadziuza kuti basi, anakhota panjira. Sindinafunse munthu aliyense. Ndinaopa kuti ndikafunsa ndimva zina. Ndipo umboni wanu utayamba kutchuka, ndinkanyadira kuti ndine mlongo wa mlaliki uja. Kalatayo ndinaiika pansi pa sutikesi, pamwamba n'kusanjikapo zovala za kutchalitchi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndinali ndi mboni m'nyumba, ine n'kumaitanira anthu kuti adzamve zoti mwana uja anakana Mawu. Ndiye ndikutayeni ndi dzanja liti?

Dzulo pa kalasi yathu tinawerenga pamene Ambuye akuphunzitsa kuti munthu asapereke mphatso yake kwa Mulungu asanakayanjane ndi m'bale amene anamulakwira. Ndinafunsa, "Nanga ngati m'baleyo anamwalira?" Mlembi wathu, amene sasowa yankho, anayamba kuvundukula masamba. Kenaka bambo wina wokalamba, mlonda wa pa depoti, amene sayankhula kawirikawiri, anati, "Ukapite kwa amene anamubala. Ndiye watsala ndi bala."

Pitani kwa Amayi, achimwene. Muwawerengerenso mawu a Mzime ndakoperawa, muwauze kuti ndinawabisa ndine. Alamu nawo auzeni, akuvutika ndi maganizo ena. Funso lanu la denga sinditha kuliyankha. Ine ndimangodziwa kusita.

Mlongo wanu.

30 Meyi

Mlongo wanga,

Moni kuchokera kwa tonse. Ndachita zimene unanena.

Ndinayamba ndi alamu ako. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Ndiye si mkazi?" Ndinati ayi. Anaseka pang'ono, kusekako kunasanduka kulira, ndipo analira mpaka ana anabwera kudzasuzumira. Iwo tsiku lija anali kukhitchini kukonzera abusa tiyi, sanamve kanthu.

Lolemba m'mawa ndinapita kwa Amayi. Ndinawapeza pakhonde akusoka batani pa malaya a mdzukulu wawo. Ndinakhala pansi penipeni, pa simenti. Ndinanena zonse, za katani, za loko, za nyimbo. Ndinawerenga mawu a Mzime. Iwo singano osaimitsa. Nditamaliza anadula ulusi ndi mano, n'kuti:

"Wamaliza?"

"Ndamaliza, Amayi."

"Tsiku limenelo ine ndinakhala pati?"

Mlongo wanga, apo mpamene ndinakumbukira. Pampando wa pazenera.

Anati, "Ndinamuona iwe usanamuone. Ndinati, mwana wanga wavala bwino lero. Ndinakuona ukukoka loko. Ndinamva akuti ndabwera. Nthawi imeneyo miyendoyi inali yamoyo, kuchokera pampando kufika pachitseko ndi mapazi anayi. Koma ndinayang'ana abusa aja, ndinayang'ana iwe uli mu jekete lobwereka, ndinati ndisamuchititse manyazi mwana pa tsiku lake, winayu abweranso sabata yamawa. Ndinaimba nawo nyimbo ija. Ndinaimba, ine mayi wake."

Ndinati, "Nanga zaka zonsezi mukundimva ndikunama, bwanji osandidzudzula?"

"Ndikanati ndinene za iwe, ndikanayambira pa ine. Ndinkabwera Lachitatu lililonse kudzamva bodza lako ngati munthu womwa mankhwala owawa. Ndinkati ndicho chilango changa."

Ndinawauza za kugogoda. Sanadabwe. Anati, "Iwe wayamba mochedwa. Ine ndinayamba sabata ya maliro."

Kenaka anandigwira mutu, monga ankachitira pondimeta ndili mwana, napemphera. Sanapemphe kuti kugogodako kuleke. Anangoti, "Ambuye, ife tinatseka. Inu tikhulupirira simunatseke." Ndi pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinawamvapo, ndipo ine mlaliki sindinapempherepo lotere.

Lachitatu ndinaima pamaso pa kalasi n'kuulula. Amayi anati anenenso mbali yawo, ndipo ananena ali pampando womwewo. Mayi uja wa mowa anabisa nkhope m'nsalu. Mabanja awiri anatuluka osatsanzika, ndipo sanabwerenso. Abusa aakulu andiuza kuti ndiyambe ndapuma pa guwa mpaka akulu a mpingo akambirane. Sindinatsutse.

Koma pali mmisiri wina womanga nyumba, mmodzi wa anayi amene analapa pamaliro paja. Ndinkaopa maso ake kuposa a wina aliyense. Anthu atatuluka anatsalira, akuzunguza chipewa m'manja. Ndinati, "Ndinakunamizani, achimwene." Iye anati, "Munandinamizadi, ndipo zandipweteka, chifukwa Mzime anali mnzanga. Koma zaka zisanu ndi ziwirizi amene wakhala akundigwira dzanja ndikamadutsa pa mowa si inu. Musadzikweze." Anavala chipewa n'kumapita. Sindikudziwa ngati kumeneko kunali kundikhululukira kapena kundimenya.

Za Juni: ngati abusa ako akufunabe, ndibwera, osati ngati mlaliki koma ngati mboni. Uwauze zonse asanavomere. Zimene ndidzanene si zimene anaitanira.

Mchimwene wako.

21 Juni

Alamu anga,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa Amayi. Kalata iyi muwawerengere Amayi mokweza, musadumphe mzere. Achimwene adzanyamuka Loweruka m'mawa. Ndawagwira masiku awiri kuti apumeko, komanso andikonzere mwendo wa tebulo.

Abusa athu poyamba anakana. Anati anthu a kuseri kwa depoti akufunika kuopsezedwa, osati kusokonezedwa. Kenaka anawapatsa Lolemba masana, tsiku limene anthu amachepa, dzina lawo n'kulifufuta pa nsalu.

M'tenti munali anthu ngati makumi asanu, ambiri a mpingo, ndi zidakwa zingapo zimene zinabwera kudzabisala dzuwa kumbuyo. Mabasi akulira, ogulitsa akukuwa. Achimwene anakana chokuzira mawu. Anaima pansi, osati pa nsanja, manja ali kumbuyo. Anati, "Ine ndinali ndi mng'ono wanga. Tsiku lina anasita malaya." Anafotokoza zonse mosakometsera. Atafika pa nyimbo ija mawu anawathera, anaima nthawi yaitali, mpaka woimba ng'oma anayesa kuti amaliza. Pomaliza anati, "Inu a kumbuyoko, sindinabwere kudzakuopsezani. Ndabwera kudzapepesa. Ngati munagogodapo penapake ife a Mabaibulo n'kukweza nyimbo, amene anakutsekerani ndi ife, si Yesu."

Abusa ataitana ofuna kulapa, sipanapite munthu ndi mmodzi yemwe. Anaitana kawiri. Mmodzi wa a kumbuyo aja anakuwa kuti, "Lero mwanenako zoona, akulu!" anzake n'kuseka, n'kumatuluka. Abusa nkhope inagwa, ndipo mpaka lero moni wawo ndi wa m'mphuno.

Tikupinda mabenchi, mayi wina wa m'bungwe la amayi, amene amatsogolera mapemphero, anabwera kwa achimwene. Sanapereke moni. Anati, "Wanga ndi mwana wamkazi. Ndinamuthamangitsa chaka chatha ali ndi pakati. Anabwerapo kawiri." Achimwene anafunsa, "Mukudziwa kumene ali?" Anati, "Ndimamva kuti kumsika wa kumunsi." Anasiya benchi pomwepo n'kutuluka m'tenti. Ngati wamupeza sindikudziwa, sindinamuonenso.

Dzulo linali Lachitatu. Ndinapempha kuweruka msanga kuti asakhale okha. Tinakhala m'kachipinda kanga, iwo pampando ine pabedi, kalata ya Mzime ili patebulo, chifukwa anapempha kuti aone dzanja lake. Tinkawerenga Baibulo mosinthana, vesi iwo, vesi ine. Kunja ana a aneba akusewera mpira, wina akuchapa pampopi. Dzuwa litafika pa zenera, achimwene anaima pakati pa mawu. Anadzutsa mutu. Ndinaona manja awo akugwira mawondo kuti anyamuke, nkhope itatuwa.

Anandifunsa motsitsa, "Wamva?"

Alamu, kunena zoona pamaso pa Mulungu, ine sindinamve kanthu. Koma ndinati, "Khalani, achimwene. Amene ndinamutuma ndine."

Ndinanyamuka n'kukatsegula. Pakhonde panalibe munthu, nsalu za aneba zokha zili pachingwe. Ndinaima pamenepo, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu amene sindinawakonze. Ndinati, "Lowa, Mzime. Baibulo tiwerengera limodzi langali."

Kumbuyo kwanga ndinamva achimwene akulira, kulira kwenikweni kokoka mpweya, kumene sanalire pamaliro paja. Ndinawasiya alire. Atatha anapukuta m'maso ndi mkono, anafunafuna ndi chala pamene anasiyira, napitiriza kuwerenga. Ine ndinasendera kukhoma kuti pabedi patsale malo.

Ngati adzamvanso sabata yamawa, sindikudziwa. Akamva, musawaseke ndipo musaope. Wina angonyamuka.

Amayi, ndapempha tchuthi cha mu Ogasiti ndipo andilola. Ndikubwera ndi kalata ya mwana wanu, muisunge ndinu.

Ndine mlamu wanu, ndi mwana wanu.